Mapu amene mwana wathu anawaona koyamba m'chipinda cha mayeso

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, mwana wa mng'ono wanga sanadye nsima. Ndinali kumudzi kwathu ku Mchinji patchuthi, ndipo ndinamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe. Anali atakhoza bwino Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, makirediti asanu. Lachisanu ndi chimodzi ankaliyembekezera ku Jogalafe, koma kumeneko anapeza 7. Sukulu zaukachenjede za boma zimafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, choncho maloto ake odzachita digiri ya unamwino anaima pamenepo.

Nditamufunsa chimene chinavuta, anandiyankha motsitsa mawu. "Amayi aakulu, mapu aja ndinawagwira koyamba tsiku la mayeso. Aphunzitsi ankangotijambulira pabolodi. Atandipatsa chipepala chachikulu chodzaza mizeremizere, mutu unaima."

Ndine namwino ndiponso mzamba, ndipo ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa pasukulu ya anamwino ya mpingo. Sindine mphunzitsi wa Jogalafe. Koma chaka chotsatira, pamene mwanayo ankabwereza Fomu 4, ndinaphunzira kuti zambiri zimene wophunzira amafuna pokonzekera phunziroli zili m'manja mwa ife amayi, ngakhale ife amene sitinapite patali ndi sukulu.

Chimene mayesowa amafuna

Mayeso a MSCE amakonzedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, potsatira silabasi imene imalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Powerengera mapointi amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino. N'chifukwa chake phunziro limene ana ambiri amaliyesa lapambali lingathe kutsegula kapena kutseka khomo.

Mu Jogalafe muli zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi kuwerenga mapu. Chachiwiri ndi za chilengedwe: nyengo, mitsinje, mapiri, nthaka. Chachitatu ndi za anthu: chiwerengero chawo, ulimi, malonda, mayendedwe ndi midzi. Zigawo ziwiri zomalizirazi mwana akhoza kulimbana nazo ndi manotsi. Choyambacho ndi ntchito ya manja ndi maso, ngati kuyeza mimba. Wophunzira wanga angaloweze buku lonse la uzamba, koma ngati sanagwirepo mimba ya mayi woyembekezera, sangadziwe pamene pali mutu wa mwana. Mapu nawonso amafuna kugwiridwa.

Zinthu zisanu zoyenera kupezeka

Choyamba ndi silabasi. Mwana apemphe aphunzitsi kuti akopere mitu yonse ya Fomu 3 ndi Fomu 4 papepala limodzi, alimate pakhoma, ndipo azichonga mutu uliwonse umene waumvetsa. Inunso mukhoza kuona ndi maso anu kuti kwatsala mitu ingati.

Chachiwiri ndi buku lovomerezeka ndi unduna wa zamaphunziro. Musanagule, funsani mphunzitsi wa phunzirolo dzina la buku, chifukwa silabasi ya sekondale inasintha kuyambira 2015 ndipo mabuku ena akale sagwirizana nayo. Timabuku ta manotsi togulitsidwa m'misika timathandiza pokumbutsa, koma tina tili ndi zolakwika, ndiye tizidutsa kaye m'manja mwa aphunzitsi.

Chachitatu ndi atlas, buku la mapu a Malawi, Africa ndi dziko lonse. Limodzi likhoza kukwanira ana khumi ngati lisamalidwa.

Chachinayi ndi mapu aakulu a dera limodzi, amene amasindikizidwa ndi nthambi ya boma yoyeza malo, ya Surveys. Amenewa ndi omwe anamugwetsa mwana wathu. Ngakhale fotokope ya chigawo chimodzi imathandiza. Masukulu ena amasunga mapu amene anatsala pa mayeso a zaka za m'mbuyo, koma amangokhala m'kabati. Kupempha sikuba.

Chachisanu ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Mwana aziwalemba atatseka buku, wotchi ili patsogolo, kenaka akapereke kwa aphunzitsi kuti amuchongere. Apa ndichenjeze: mapepala akale ndi osiyana ndi likasa. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso kumayambiriro kwa 2021. Wina akakuuzani kuti ali ndi mayeso a chaka chino pa WhatsApp, musatulutse ndalama.

Mbatata, ulusi ndi lalanje

Titapeza fotokope ya mapu, tinakhala pamphasa ndi mwana uja pamodzi ndi anzake atatu. Ndinawauza kuti andiphunzitse ineyo, chifukwa ndinaona ku sukulu ya anamwino kuti wophunzira amamvetsa chinthu akachifotokozera wina.

Tinayamba ndi sikelo. Pa mapu olembedwa 1:50,000, sentimita imodzi papepala ndi mamita 500 pansi, ndiye masentimita awiri ndi kilomita imodzi. Msewu wokhotakhota sungayezedwe ndi lula. Tinatenga ulusi wosokera, kuugoneka motsatira msewu, kenaka kuuwongola pa lula. Unakwana masentimita 16, kutanthauza makilomita 8. Ndinawafunsa kuti, mayi amene matenda amuyamba usiku angayende maola angati pamtunda umenewo? Anati awiri, mwinanso kupitirira. Ndinawauza kuti n'chifukwa chake timalimbikitsa amayi akutali kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira. Kuyambira pamenepo sikelo sinawasokonezenso.

Kenaka tinafika pa manambala olozera malo, amene m'kalasi amati grid reference. Ana ambiri amasokoneza nambala yoyamba kuwerenga. Lamulo lake ndi lakuti umayamba ndi manambala opita kum'mawa, kenaka opita kumpoto. Mmodzi wa atsikanawo anati zili ngati kuthyola mango: umayenda kaye pansi mpaka patsinde, ndiye n'kukwera. Onse anaseka, koma palibe anaiwalanso.

Mizere yosonyeza kukwera kwa malo, ya contour, ndiyo imaopsa kwambiri. Tinatenga mbatata yaikulu ya kachewere, kuidula pakati, ndi kuika theka pansi ngati phiri. Kenaka tinaidula mopingasa m'magawo ofanana kunenepa, ndi kujambula m'mphepete mwa gawo lililonse papepala limodzi, kuyambira lalikulu. Panatuluka mizere yozungulira, ina mkati mwa inzake. Kumene mbatata inali yotsetsereka kwambiri, mizere inathithikana. Kumene inali yoyalana, mizere inatalikirana. Phunziro lonse ndi limenelo. Amene wamvetsa zimenezi amadziwanso kumene madzi amalowera, ndipo sadzakumba chitsime kumunsi kwa chimbudzi. Ife azaumoyo timati chitsime chikhale kumtunda, ndipo chitalikire mamita osachepera 30.

Usiku tinatenga lalanje ndi tochi. Tochi ndi dzuwa, lalanje ndi dziko. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye madigiri 15 aliwonse ndi ola limodzi. N'chifukwa chake wotchi ya ku Mchinji ndi ya ku Chipata zimagwirizana, pamene ya ku Tanzania, kum'mawa kwathu, ili patsogolo ndi ola limodzi.

Boma lathu ndi buku lotsegula

Mayeso amakonda kufunsa zitsanzo, ndipo ana amavutika kuloweza mayina a malo akutali pamene zitsanzo zili pakhomo. Mwana wa ku Ludzi, Guilleme, Kapiri kapena Mkanda ali ndi mwayi umene ena alibe.

Taonani za mitsinje. Bua amayambira kuno ku Mchinji, amalandira madzi a Rusa, n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mbali yaikulu ya malire athu ndi Zambia inatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa mbali ino imapita ku Bua, kunyanja, kenaka mu Shire mpaka mu Zambezi. Yogwa cha ku Chipata imatsikira ku Luangwa, amenenso amakathira mu Zambezi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwana amene waima pamtunda nthawi ya dzinja n'kuona madzi akugawikana sadzalephera funso la watershed.

Za malonda ndi mayendedwe, tili ndi msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe, ndiponso chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene mu Disembala 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegula malo amodzi ochitirapo zonse za pamalire. Tili ndi njanje imene inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndipo mbali inayo imadutsa ku Lilongwe, Salima ndi Nayuchi mpaka kudoko la Nacala ku Mozambique. Funso lakuti dziko lopanda doko limakumana ndi mavuto otani, mwana wa ku Mchinji amaliona tsiku ndi tsiku pa mathiraki oima pamzere.

Za chiwerengero cha anthu, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo opitirira 600,000 mwa iwo anali a ku Mchinji. Mufunseni mwana kuti munda wa agogo ake unali waukulu bwanji, ndipo lero wagawidwa pangati. Yankho lake ndi ndime yathunthu ya mayeso. Chimodzimodzi za kusamuka kwa anthu: m'mudzi uliwonse muli wina amene anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, ku Lilongwe, ku Zambia kapena ku Joni. Chinamuchotsa n'chiyani, chinamukoka n'chiyani? Za kutha kwa mitengo, ayang'ane matumba a makala panjinga ndi zigwembe m'minda. Za ulimi wa m'dambo, apite nanu kudimba.

Ngakhale mvula ikhoza kuyezedwa pakhomo. Botolo lapulasitiki lodulidwa, loikidwa pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, limamuphunzitsa mwana kuyeza m'mawa uliwonse, kulemba, ndi kujambula girafu ya mwezi. Silingafanane ndi chida cha azanyengo, koma dzanja limazolowera.

Chifukwa chake namwino akulankhula za mapu

Mu 1854 mumzinda wa London munabuka kolera. Dokotala wina, John Snow, analemba pamapu nyumba zimene munafa anthu, ndipo anaona kuti zambiri zinazungulira mpope umodzi wa madzi mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu atachotsa chogwirira cha mpopewo, anthu analeka kutungapo. Nthawi imeneyo kachilombo ka kolera kanali kasanadziwike bwino, koma mapu analoza gwero.

Ntchito yomweyo ikuchitika mpaka lero. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, funso loyamba kwa wodwala aliyense linali lakuti akuchokera mudzi uti ndipo amamwa madzi a kuti. Alangizi a zaumoyo amajambula mapu a midzi yawo, osonyeza mijigo, zitsime ndi madambo kumene udzudzu umaswana. Ophunzira anga akapita kumidzi, ntchito yawo yoyamba ndi kujambula mapu otero. Ndimazindikira msanga amene anaphunzira Jogalafe ndi manja, ndi amene anangoloweza.

Zimene gulu la amayi lingachite

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi silingagule zonse zisanu zija, koma gulu la amayi paparishi kapena pamphakati lingathe. Yambani ndi kulemba mayina a ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 a m'dera lanu, a mpingo wathu ndi ena omwe. Tumani amayi awiri akaonane ndi mphunzitsi wa Jogalafe pasekondale yoyendera imene ili pafupi, akafunse chimene chikusowa. Pitani mwaulemu, chifukwa aphunzitsi ambiri akugwira ntchito yaikulu ndi zipangizo zochepa. Kuchokera m'thumba la gulu kapena la banki m'khonde, gulani atlas imodzi, mabuku awiri, ndipo jambulitsani mapu ndi mapepala akale. Ziikeni m'bokosi, musankhe mayi mmodzi wosunga kope la obwereka. Ana amene analemba kale mayeso apemphedwe kusiya mabuku awo m'bokosimo. Pemphani akuluakulu a tchalitchi chipinda choti ana azikumanamo Loweruka masana, mayi mmodzi ali pomwepo.

Chotsala n'chimene sichigulidwa: nthawi. Masiku ano mayeso amalembedwa cha mu Juni ndi Julayi, ndiye miyezi yobwereza imagwera pomwe tikukolola chimanga, kukumba mtedza ndi kusankha fodya. Mtsikana ndiye amatunga madzi, kuphika ndi kulera ana, ndipo pofika pabuku maso ali olemera. Mng'ono wanga anachita chinthu chimodzi chaka chimenecho: anagawira anyamata ntchito za madzulo, ndipo nyale ya sola inkakhala ya wolemba mayeso kuyambira nsima ikatha. Panali kung'ung'udza sabata yoyamba, kenaka anazolowera.

Mwana uja analembanso, ndipo ku Jogalafe anapeza 4. Panopa ali m'chaka chachitatu cha unamwino. Atabwera patchuthi chapitachi, ndinamupeza pamphasa ndi ana a oyandikana nawo nyumba, mpeni uli m'manja, akudula mbatata. Amayi ake anali chiimire pakhomo la khitchini, akudandaula kuti ndiwo zamadzulo zikutha.