SITIMA ZOPANDA MUTU ZA KU JONI

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, ife a muno m'Bulawayo tinakula ndi sitima ya mutu wakudya malasha a ku Wankie. Koma inu amene munatsikira ku Joni munaona ina yosafuka utsi, yonyamula anchito pakati pa Soweto ndi Johannesburg. Mtundu wace ndiwo 5M2. Zoyamba anazipanga a Metro-Cammell ku England m'caka ca 1958. Zambiri zotsatira zinapangidwa ku Nigel.

Tsono coikoka nciani? Mphamvu yace icokera m'waya wa pamwamba, wa ma volt 3,000. Pa denga la ngolo zina pali mkono wacitsulo wokhudza wayayo, ndipo magetsi atsikira ku makina anai okhala pansi, pa magudumu penipeni. Pakuti ngolo zokoka ziri zingapo m'sitima imodzi, inyamuka msanga pa siteshoni iri yonse, ndico cofunika kwa munthu wothamangira nchito m'mamawa. Woyendetsa ali ndi cipinda kutsogolo ndi kumbuyo. Pobwerera sitima siitembenuka, angosamuka iye. Koma wayayo sadziwa cibwana: anyamata okwera pa denga aferapo ambiri.

Njanji yace ilingana ndi yathu m'mimba mwace, mapazi 3 ndi mainchi 6, koma waya sanafike kuno. Uja wa 1983 anacokera ku Harare nalekeza pa Dabuka, pafupi ndi Gweru. Anali wa ma volt 25,000, wosayenera 5M2, ndipo pambuyo pace akuba anamdula.