Mlandu Umodzi, Mboni Zambiri: Kulemba Buku la Osimba Angapo

Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la milandu kwa Mfumu Mlolo, kwa Mfumu Mwangala kapena kwa Mfumu Zingalume m'boma la Chadiza adziwa kuti nkhani imodzi imatuluka ndi nkhope zambiri. Ng'ombe zalowa m'dimba usiku ndi kudya cimanga cimene cinali citayamba kumasula. Mwini dimba aimirira nanena kuti ng'ombezo zinali khumi ndi ziwiri, ndipo kuti aka sikoyamba. Mwini ng'ombe akuti khola anatseka yekha dzuwa litalowa. Kamnyamata kobusa, mantha ali pakhosi, kakuti mpanda wa dimbalo unagwa kale ndi ciswe. Kenaka palankhula mai wina wokalamba amene sanaone ng'ombe ngakhale imodzi, koma adziwa kuti amuna awiriwa anayambana kalekale pa nkhani ya malire a minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Nsadzu. Palibe amene wanama kotheratu, palibenso amene wanena zonse. Nduna zimachera khutu kwa onse anai, cifukwa coonadi ca mlanduwo cagawikana pakati pao.

Pali mabuku a nthano zazitali amene amalembedwa monga bwalo lotere. M'malo moti munthu mmodzi asimbe nkhani yonse, mlembi amapereka mpata kwa anthu angapo, aliyense nanena zimene anaona ndi maso ake, m'kalankhulidwe kake, ndiponso pa nthawi yake. Mlembi wa ku England, Wilkie Collins, amene anaphunzira za malamulo, anacita zimenezi m'buku lake la The Woman in White la mu 1860, ndipo kuciyambi kwa bukulo anauza owerenga poyera kuti nkhani idzaperekedwa monga momwe mboni zimaperekera umboni ku khoti. Acinyamata athu amene ali ndi ludzu lolemba mabuku m'Cinyanja angapindule kwambiri ndi luso limeneli, malinga adziwe nthawi yoligwiritsa nchito ndi nthawi yolisiya.

Njira imene tinazolowera

Mabuku athu ambiri a Cinyanja amayenda ndi wosimba mmodzi amene adziwa zonse: za m'mitima ya anthu, za dzulo ndi za mawa. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma m'dziko la Malawi, analemba motero buku lake la Nthondo limene linatuluka mu 1933, litapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo ndi miyambo ya mu Africa. Bukulo litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, kupulupudza kwake, mpaka kulowa kwake ufumu, ndipo mu 1934 Cullen Young analimasulira m'Cingelezi pa dzina lakuti Man of Africa. Njira imeneyi ndi ya pamoto madzulo, pamene agogo amasimba ana nkumayankha kuti tili tonse. Ndi njira yabwino, ndipo nkhani zambiri sizifuna ina.

Komabe tisaiwale kuti ngakhale wosimba wa pamoto salankhula ndi mau amodzi. Akuluakulu a kuno kum'mawa akumbukira Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo, imene inamveka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu anali mmodzi, koma m'khosi mwake munali mudzi wathunthu: nkhalamba, namwali, mfumu, mlendo wa m'tauni. Womvera sanafunikire kuuzidwa kuti tsopano akulankhula ndi uje. Mau okha anali kumuulula. Luso lakelo linakopa Ernst Wendland, amene analiphunzira mozama, ndipo mu 2004 anatulutsa ena mwa masewerowo m'buku pamodzi ndi kumasulira kwake m'Cingelezi. Bvuto la mlembi ndi lakuti pepala lilibe khosi. Zimene Chongo ankacita pokweza kapena kutsitsa mau, mlembi ayenera kuzicita posankha mau.

Cifukwa coitanira mboni yaciwiri

Chinua Achebe wa ku Nigeria, m'buku lake la Anthills of the Savannah la mu 1987, anagawa nkhani pakati pa Chris Oriko, nduna ya boma, Ikem Osodi, mkonzi wa nyuzipepala, ndi Beatrice, mai wophunzira wogwira nchito m'boma. Amuna awiriwa anaphunzira sukulu limodzi ndi msilikali amene akulamulira dziko lopeka la Kangan, ndipo aliyense amamuona mosiyana, poti wina amadya naye mbale imodzi pamene wina amamudzudzula. Achebe sanacite izi pofuna kudzionetsa. Chris ndi Ikem onse amaphedwa nkhani isanathe. Pakanakhala wosimba mmodzi mwa iwo, buku likanafera panjira pamodzi naye.

Mwana wa dziko lino, Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, anapita patali kuposa apo. Buku lake la The Old Drift la mu 2019 litsata mabanja atatu kwa zaka zoposa zana, kuyambira pa kamudzi ka Azungu ka m'mbali mwa Zambezi pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene malungo anapha anthu ambiri. Pakati pa mitu ya bukulo pamalankhula gulu la udzudzu. Poyamba munthu angaseke, koma ganizirani bwino: ndani wina amene analipo pa mibadwo yonseyo, amene analowa m'nyumba ya wolemera ndi ya wosauka, nalawa magazi a onse osasankha khungu? Bukuli linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020.

William Faulkner wa ku America, m'buku la As I Lay Dying la mu 1930, anaika osimba 15 m'mitu 59, pofotokoza ulendo wa banja losauka lonyamula maliro a mai wao kukaika kwao, ndipo mutu umodzi anaupereka kwa womwalirayo. Mlembi woyamba kumene asathamangire kutengera ciwerengero cimeneci. Mapanga awiri abvumbwitsa, nanga khumi ndi asanu? Funso loyenera kufunsa pa wosimba aliyense ndi ili: kodi ameneyu adziwa ciani cimene ena onse sadziwa, kapena walakwa pati pamene kulakwa kwake kusintha nkhani? Ngati palibe yankho, ameneyo akhale pansi pakati pa omvera.

Nkhani ya pa malire

Ku Chadiza kuli nkhani imene pakamwa pamodzi sipangaithe. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula Acewa pakati, kotero kuti mbumba imodzi inapezeka ina ku Zambia, ina ku Mozambique, ngakhale kuti onse ndi anthu a Kalonga Gawa Undi. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu zikwizikwi a m'cigawo ca Tete anathawira m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, ambiri kwa abale ao enieni. Mu 1987 kunatsegulidwa malo a othawa nkhondo a Ukwimi m'boma la Petauke, ndipo ambiri anasamutsidwira kumeneko. Cakumapeto kwa zaka zomwezo zigawenga zinayamba kuoloka malire ndi kuukira midzi ya ku Zambia, kulanda katundu, kupha ndi kugwira anthu. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pofika mu 1994 othawa ambiri anali kubwerera kwao.

Tiyerekeze kuti mlembi wafuna kulemba za usiku umodzi wa m'zaka zimenezo. Mai amene anathawa ndi ana awiri adziwa cimene anasiya kumbuyo, koma sadziwa kuti nkhokwe ya mlongo wake amene wamulandira yatsala pang'ono kutha. Mkazi wa mlongoyo adziwa za nkhokwe, ndipo mtima wake ukulimbana pakati pa cifundo ndi njala ya ana ake. Mphunzitsi wa pa sukulu ya pamudzipo amamva nkhani pa wailesi, adziwa maina a atsogoleri ndi zifukwa za nkhondo, koma sanaonepo mudzi ukupsa. Ndiye pali mnyamata amene anagwidwa kuti azinyamula katundu wa zigawenga, ndipo usiku umenewo ndiye akuwalondolera njira ya ku mudzi wa amalume ake, mfuti ili kumsana. Wosimba wodziwa zonse angathe kuweruza mnyamatayu m'ciganizo cimodzi. Koma owerenga akamumva yekha akusimba, atamva kale kulira kwa mai uja, ciweruzo cimakhala m'manja mwao, ndipo sicikhala copepuka.

Zida zimene Cinyanja catipatsa kale

Alembi ena amalemba dzina la wosimba pamwamba pa mutu uliwonse. Nzothandiza, koma dzina lokha silikwanira. Cilankhulo cathu cili ndi njira zake zoululira amene akulankhula.

Yoyamba ndi maina a cibale. Mwamuna mmodzi yemweyo ndi alongo anga kwa mai wothawa uja, ndi atate ao a ana kwa mkazi wake, ndi amalume kwa mnyamata, ndi aPhiri kwa mphunzitsi, ndipo kwa nyakwawa ndi mkamwini cabe wokhala pamudzi wa eni. Mutu ukangoyamba ndi mau akuti amalume, wowerenga wadziwa kale amene watenga nkhani, wadziwanso kulemera kwa cimene cikubwera, pakuti pakati pa Acewa malume ndiye mwini mbumba.

Ina ndi mau oloza malo. Wina akati anabwera kuno, wina akati tinapita uko, mau awiriwo akuuzani mbali ya malire imene aliyense waima. Mau akuti uja, cija, kuja ndi a anthu okumbukira zinthu limodzi. Mkazi akanena za mtengo uja osaufotokoza, tidziwa kuti pansi pa mtengowo panacitika kanthu kamene iye aganiza kuti tonse tidziwa, ndipo cidwi cathu cimakula. Palinso kusiyana kwa kalankhulidwe: Cicewa ca kumudzi ca nkhalamba, Cinyanja ca m'tauni ca msilikali wocokera ku Lusaka, ndi timau ta Cipwitikizi m'kamwa mwa wocokera ku Tete. Koma izi zikhale ngati mcere m'ndiwo. Zikacuruka, munthuyo amasanduka coseketsa ca pa sewero.

Nthawi ya mneni

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Cinyanja cimasiyanitsa zakale mosamala kwambiri. Mwana akati amalume apita, ndiye kuti fumbi la mapazi ao lisanakhazikike ndipo sanabwere. Akati anapita, papita nthawi. Akati ankapita, ndiye kuti cinali cizolowezi ca masiku amene anatha. Mlembi angapatse wosimba aliyense nthawi yake. Mai wothawa, amene tsopano ndi nkhalamba, asimbe ndi ankati ndi tinkati, monga munthu amene waisinkhasinkha nkhaniyo zaka makumi atatu. Mnyamata wogwidwa asimbe ngati zikucitika tsopano lino: ndikuona moto wa pakhomo pa amalume, galu wandizindikira, akugwedeza mcira, sakuuwa. Iyeyu sadziwa cimene cidzacitika pakapita mphindi imodzi, ndipo wowerenga nayenso amapuma mobanika.

Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya anaonetsa m'buku la A Grain of Wheat la mu 1967 mmene nthawi zingalukidwire. Nkhani yake icitika m'masiku ocepa otsogolera ku tsiku la ufulu wa Kenya, 12 December 1963, koma kawirikawiri imabwerera ku zaka za nkhondo ya Mau Mau kupyolera m'cikumbumtima ca Mugo, Gikonyo, Mumbi ndi Karanja. Kubwerera kulikonse kuli ndi nchito: kumaticotsera cinsalu cimodzi cobisa munthu amene anapereka Kihika kwa adani.

Pali msampha umodzi wa ife eni Cinyanja. Polankhula timasiyanitsa nthawi zina ndi kukweza kapena kutsitsa kwa mau, koma polemba sitiika zizindikiro zake. Liu lakuti amalima lingatanthauze kuti munthuyo ndi mlimi mpaka lero, kapena kuti anali kulima nthawi ina yapitayo. Khutu limamva kusiyanako, diso siliona. M'buku loyenda ndi nthawi imodzi bvutoli ndi laling'ono, koma m'buku lodumpha pakati pa 1988 ndi lero, wowerenga angasokere osadziwa ngati munthu akunenedwayo ali moyo kapena anaikidwa kale. Mankhwala ake ndi kusankha ankalima kapena anali kulima pamene pali cikaiko, ndi kuika cizindikiro ca nyengo kuciyambi kwa ndime: caka ca njala cija, dzinja limene tinafika ku Ukwimi, masiku ano. Kusintha wosimba kapena nthawi pakati pa ndime imodzi kupewedwe. Malo ake ndi pa mutu watsopano.

Mlembi akatha mitu ingapo, aiwerenge mokweza kwa mnzake atabisa maina a pamwamba. Mnzakeyo akalephera kusiyanitsa mphunzitsi ndi mkazi wa pamudzi, ndiye kuti onse awiri akulankhula ndi pakamwa pa mlembi, ndipo mitu imeneyo ilembedwenso.

Catsala ndi kusankha wolankhula pomaliza, pakuti mau otsiriza amalemera kuposa ena onse. Achebe anathera pa Beatrice, pa mwambo wopatsa dzina khanda la malemu Ikem. M'buku la pa malire a Chadiza mlembi adzayenera kusankha pakati pa mai wokwera lole ya kubwerera ku Tete mu 1994, atasiya manda a mwana wake ku Ukwimi, ndi mlamu wake wotsala pakhomo, akusesa m'kanyumba kamene alendo aja anagonamo asanatengedwe kupita ku Petauke.