Tsiku limene tinasintha silinda ya fokolifiti

Anzanga, patchuthi chapitachi ena munali kudimba, ena kwa agogo, koma ine ndinali sipanala boyi wa amalume anga. Iwo ndi makaniko, ntchitoyi anaiphunzira pa Namitete Technical College pompa, ndipo amakonza mathirakitala, malole ndi zigayo kuyambira ku Msundwe mpaka ku Nsaru ndi kwa Kabudula. Tsiku lina anaitanidwa ku nyumba ina yosungiramo soya ndi mtedza kufupi ndi msewu wa Mchinji kuti akaone fokolifiti. Amene munafikako ku Kanengo mukuidziwa: kagalimoto kaja kokhala ndi mafoloko awiri achitsulo kutsogolo, komwe kamanyamula mabelo a fodya ngati kakunyamula mapilo.

Vuto lake linali loopsa. Mafoloko aja amakwera ndi kutsika pa chimango choimirira chomwe amakaniko amati masiti. Dalaivala akanyamula matumba 40 a makilogalamu 50, omwe ndi matani awiri, amapendeketsa masiti chammbuyo pang'ono kuti katundu atsamire. Tsono apa masitiyo inkaweramira yokha kutsogolo pang'onopang'ono popanda woigwira. Tsiku lina matumba anatsetsereka ali m'mwamba n'kugwera pambali penipeni pa bambo wina waganyu. Akanangosuntha phazi limodzi, bwenzi tikukamba za maliro.

Chomwe chimagwira masiti kuti isawerame ndi masilinda awiri, ina kumanja ina kumanzere. Silinda ya hayidiroliki musaiope dzina. Tengani pampu ya njinga ija: pali chibubu, mkati muli pisitoni, ndipo ku pisitoniko kwalumikizidwa ndodo yotulukira kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti pa pampu ya njinga inu mumakankha ndodo kuti mpweya utuluke, pomwe pa silinda pampu ya injini imakankhira oyilo m'chibubumo ndipo oyiloyo ndi amene amakankha ndodo. Silinda yathuyi ili ndi mapaipi awiri. Oyilo akalowera kumbuyo kwa pisitoni, ndodo imatuluka, masiti n'kuwerama. Akalowera kutsogolo, ndodo imabwerera, masiti n'kutsamira. Dalaivala akasiya liva, valavu imatseka njira, oyilo amasowa kothawira, basi masiti imaima pompo.

A Fomu 3, apa ndi pamene Fizikisi ija timaidandaula inandipeza ndili mu ovolosi. Blaise Pascal wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662, ndiye anafotokoza kuti ukapanikiza madzi kapena mafuta otsekeredwa, presha yake imafika paliponse mofanana. Mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anapanga makina odindira ogwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Jeke yokwezera minibasi ija ndi mdzukulu wake.

Tiwerengere limodzi. Pisitoni ya silinda yathu inali ya masentimita 7 kupingasa. Malo ake ndi 3.14 × 3.5 × 3.5, zomwe ndi pafupifupi 38.5 cm². Amalume anati makina ngati amenewa amafika pa presha ya 150 bar, ndiye kuti pa 1 cm² paliponse pali ngati patsikizidwa makilogalamu pafupifupi 150. Chulukitsani: mupeza makilogalamu 5,775, kapena kuti matumba 115 a chimanga. Kachitsulo kosaposa mkono wanga kutalika! Pokoka mphamvuyo imachepako chifukwa ndodo imadya malo ena, komabe ndi yambiri. Kumbukirani kuti tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 2 bar basi.

Nanga inafa bwanji? Ndodo ija ndi yosalala, yonyezimira ngati galasi chifukwa anaikuta ndi kromu, ndipo pakamwa pa chibubu pali timphira totchedwa masili: ina imatsekera oyilo mkati, ina imapukuta fumbi ndodo ikamabwerera. Amalume anangoyendetsa chikhadabo pa ndodoyo n'kupukusa mutu. Munthu wina m'mbuyomo anaigwira ndi bobojani pofuna kuipotokola, mano a bobojani n'kusiya zipsera. Ndodo ikalowa ndi kutuluka, zipserazo zimacheka sili ngati lumo. Onjezani fumbi la kwathu kuno mu Ogasiti, lomwe likasakanikirana ndi oyilo limasanduka sandipepa. Eni ake anali atasintha masili kawiri, ndipo kawiri konse oyilo anayambanso kudontha pasanathe mwezi. Masili ndi otchipa, n'chifukwa chake aliyense amayambira pamenepo, koma ndodo ikakalika kapena kupindika ndiye kuti mukungotaya ndalama. Apa panafunika silinda ina.

Ine ndimaganiza kuti tingofika n'kuyamba kumasula. Ayi ndithu. Ola lathunthu linatha tisanakhudze nati ngakhale imodzi. Fokolifiti anaiimika pa simenti posapendekeka, mafoloko anawatsitsa mpaka kugunda pansi, anakoka handibuleki, ine n'kuika zipika kumatayala. Anazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba mwawo. Ndinafunsa chifukwa chake, iwo anati, “Mphwanga, pamalo pano pali anthu khumi. Mmodzi yekha akalize injini dzanja langa lili umu, iwe ukanena chiyani kwa mayi ako?”

Kenaka anamanga masiti ndi tcheni ku mtanda wachitsulo wa denga kudzera pa tcheni buloko, chifukwa ukachotsa silinda imodzi, chitsulo cholemera chonsecho chimatsalira pa inzake yokha. Chomaliza, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna muchigwire, anagwedeza liva uku ndi uku kangapo injini ili chozima. Kuzimitsa injini sikuchotsa presha. Oyilo amene watsekeredwa m'silinda amakhala adakali wopanikizika, akungodikira pothawira. Kugwedeza liva kumamutsegulira njira yobwerera m'thanki. Ngakhale atatero, nati ya paipi anaimasula pang'onopang'ono, ataiphimba ndi sanza, nkhope atayang'ana kumbali.

Kumasula kwenikweniko sikunachedwe. Tinatsuka malo onse kaye, tinamanga kansalu kofiira pa paipi yakutsogolo kuti tisadzasokoneze, oyilo wotsalira tinamukhetsera m'beseni, ndipo paipi iliyonse tinaitseka kukamwa nthawi yomweyo. Sanza yomwe yagwa pansi amalume salola kuti ibwerere pa paipi, ati kamchenga kamodzi kakhoza kukakala valavu kapena pampu, zomwe mtengo wake umaposa wa silinda. Silinda imagwiridwa ndi mapini awiri, ina ku masiti ina ku thupi la galimoto. Yoyamba inatuluka bwinobwino. Yachiwiri inali itachita dzimbiri chifukwa chosowa girisi, moti inatidyera nthawi mpaka dzuwa kufika paliwombo, ine ndikugwira chitsulo chokhomera, iwo akumenya ndi hamala. Chala changa chamanthu chikudziwa bwino nkhaniyi.

Silinda yatsopano inachokera m'tauni ndipo inadikiridwa milungu itatu. Asanaiike anaigoneka pambali pa yakale n'kuyeza ndi tepi: kutalika kwake ikakhala yotseka, mtunda umene ndodo imatuluka, kukula kwa mabowo a mapini, ndi mazinga a pomangira mapaipi. Silinda yongofanana maonekedwe koma ndodo yake n'kumatuluka mopitirira ndi masentimita awiri ikhoza kupotokola masiti yonse. Zitagwirizana, mapini analowa atapakidwa girisi, mapaipi n'kubwerera malo ake.

Apa ine ndinati tamaliza, kumene ayi. Silinda yatsopano imabwera ndi mpweya mkati, ndipo mpweya ndi mdani. Kayeseni ndi sirinji yopanda singano: tsekani kukamwa ndi chala n'kukankha muli mpweya, ilowa ngati siponji, thiranimo madzi, siisuntha. Katundu wa matani awiri sangadalire siponji. Ndiye anamasula tcheni, analiza injini motsitsa, n'kumaweramitsa ndi kutsamiritsa masiti mpaka kumapeto, popanda katundu, maulendo ngati khumi. Poyamba inkanjenjemera ndi kudumphadumpha, kenaka inayamba kuyenda myaa. Oyilo m'thanki anatsika, tinawonjezera wa hayidiroliki weniweni wa nambala 46, osati oyilo wakuda wotsala mu injini amene ena amathira poti ndi waulere.

Poona ngati pali podontha, ine ndinatambasula dzanja kuti ndisisite paipi. Mbama yomwe inagwa padzanjapo sindidzaiiwala. Anandipatsa kachidutswa ka katoni kuti ndiziyendetsa m'mbali mwa paipiyo. Oyilo wa 150 bar akamatuluka pa kabowo kochepa ngati nsonga ya singano saoneka bwino, koma amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Pamwamba pamangooneka ngati walasidwa ndi minga, munthu n'kumati ndipola, pomwe mkati mnofu ukufa. Zikakuchitikirani, kaya pa thirakitala kaya pa tipa, musadikire kuti kuche: thamangirani ku St Gabriel's kapena ku Kamuzu Central nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti ndi oyilo wa presha, chifukwa pamafunika opaleshoni ndipo ochedwa amadulidwa chala kapena dzanja.

Chinatsala ndi kulinganiza masilinda awiriwo kuti azifika kumapeto nthawi imodzi. Yatsopano inkatsogola pang'ono, masiti n'kumakhotera kumanja. Kumapeto kwa ndodo kuli mazinga osinthira, ndipo pali malo ake ophwatalala ogwirapo sipanala, pomwe mnzathu wa bobojani uja sanawaone. Anapotokola theka, kuyesa, kupotokolanso pang'ono, mpaka zonse zinafika limodzi.

Kenaka dalaivala ananyamula matumba 40 aja, anawakweza pang'ono chabe kuchoka pansi, n'kuzimitsa injini. Amalume analemba mzere ndi choko pa ndodo zonse ziwiri, tonse tinaima patali. Tinadya chinangwa chootcha kwa mphindi khumi ndi zisanu. Titabwerera, mizere ija inali pomwe anailemba. Silinda yakale anatipatsa, ili kuseri kwa nyumba ya amalume, ndipo aphunzitsi a Fizikisi avomera kuti ndibwere nayo Lachisanu tidzaitsegule mu labu. Odzaigwira abwere ndi sanza, imadetsa yunifolomu.