Za Maso a Oonerera Masewero

Sewero liri ndi eni ace awiri, wosewera ndi woonerera. Wosewera amatsiriza nchito yace dzuwa likalowa, koma woonerera amasenza seweroli kunka nalo kumudzi, nalikamba pamoto ndi padooko kwa masiku ambiri. Cifukwa cace mphunzitsi ayenera kudziwa cimene cimacititsa anthu kusunga mbali imodzi ya sewero mumtima, naiwala zina zonse.

Tiyambe ndi bwalo la Gule Wamkulu, limene ana a m'midzi ya ku Salima amalidziwa asanaone sukulu. Cadzunda amalowa ngati nkhalamba yotheratu, akutsimphina. Koma Maliya akafika, miyendo ya nkhalamba ija imatsitsimuka, ndipo imabvina koposa mnyamata. Amai oyimba amalulutira pomwepo, pakuti aona kusandulika kwa thupi popanda mau ena alionse. Gule ameneyu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO m'caka ca 2005, koma oweruza ace enieni ndi amai aja, amene amaonjeza mphamvu ya m'manja cirombo cikaponda bwino, naziziritsa nyimbo cikaphonya ng'oma.

Maso omwewo ndiwo anakonda Izeki ndi Jakobo, ndiwo John Nyanga, amene anamwalira mu 2016, ndi Eric Mabedi, amene anamtsata mu 2021. Anthu amabwerezabe nthabwala zao, koma wobwereza kawirikawiri saseketsa monga eni ace, pakuti luso lao linali m'nkhope, m'kayendedwe, ndi m'kudziwa nthawi yoyenera kuyankha.

Za kanema nazo ziri comweco. Mu 2012 Shemu Joyah anaturutsa The Last Fishing Boat, nkhani ya msodzi Yusufu amene nsomba zamcepera, pomwe alendo oceza kunyanja akusintha makhalidwe a m'nyumba mwace. Hope Chisanu ndiye anali Yusufu, ndipo Flora Suya anali mkazi wace wamng'ono. Munthu wa ku Senga Bay safuna womasulira nkhani yotere, pakuti amadziwa kulemera kwa ngalawa yobwera yopanda kanthu. Koma maso odziwa cinthu sanyengeka. Pamene The Boy Who Harnessed the Wind inaoneka mu 2019, ambiri anakondwera kuona midzi ya ku Kasungu, nadandaula ndi Cicewa ca osewera ena acilendo.

Apa tiona kuti anthu amakumbukira malo amene wosewera wasanduka munthu amene iwo akumdziwa. Ana athu ali nazo kale nzeru zimenezi, koma akafunsidwa amangoti, "Zinali bwino." Akasiyidwa conco adzakula oseka okha, osadziwa kusiyanitsa luso ndi phokoso.

Inu amene mudzaphunzitsa, ana akacita kasewero ka nthano ya Kalulu m'kalasi, musalole kuti zithere m'manja. Afunseni kuti anakhulupirira pati kuti mnzao ndi Njobvu, anaona ciani m'mapewa ace, ndipo mau anamveka otani. Ayankhe m'cinenero cao, pogwiritsa nchito mau onga kunyang'wa, kunyogodola, kuzyolika ndi kunjenjemera, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Koma cenjerani: zirombo za kudambwe si za kutsanzira m'kalasi, ndipo mwana asafunsidwe za mwambo wace wobisika. Kambani zokha zimene mudzi wonse umaona pabwalo, kuti sukulu isadane ndi makolo.