Fumbi la Kwale ku Njuli: Kumene Limagwera ndi Mmene Lingachepetsedwere

Anthu odutsa pa Njuli, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, amalidziwa fumbi lotuwa lochokera kumalo oswera miyala ya kwale. Limayala pamasamba a chimanga, pamadenga, ngakhale pa tomato wa pamsika. Komatu fumbi looneka ndi masolo ndi lokhakhala, ndipo limagwa pansi m'kanthawi kochepa, pafupi ndi pamene lachokera.

Loopsa ndi losalala kwambiri, limene diso siliona. Tinthu take n'tating'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi maulendo oposa khumi, motero timayandama mumpweya kwa maola ambiri ndi kulowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Fumbi la miyala limakhala ndi silika, amene amasiya zipsera zosapola m'mapapo. Matendawa, otchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amachititsa kuti munthu adwale chifuwa chachikulu cha TB mosavuta. Mabanja amene abambo awo anapita ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Joni akuwadziwa bwino.

Fumbi likagwa silinathe ntchito. Lole ikadutsa, kapena mphepo ya mu Okutobala ikaomba, limadzukanso. M'migodi ya malasha ya pansi pa nthaka, monga ya Mchenga ku Rumphi, vutoli n'lalikulu koposa: fumbi la malasha lokhazikika m'makoma likadzuka n'kukumana ndi moto limaphulika. N'chifukwa chake migodi yotere imapopera mpweya wabwino m'ngalande, imathira madzi pamene akukumba, ndipo m'maiko ambiri amawaza m'makoma ufa wa miyala ya laimu umene suyaka.

Ku kwale njira yodalirika ndi madzi othiridwa pagwero penipeni: poboola thanthwe, pamakina ophwanyira ndi m'misewu ya malole, kuphatikizapo kufunditsa katundu ndi lona. Kansalu komanga kumphuno kamatchinga fumbi lokhakhala lokha. Wogwira ntchito, ngakhale woswa miyala ndi hamala m'mbali mwa msewu, amafunika chophimba chosefa fumbi losalala. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare la 1997 limalamula olemba ntchito kuteteza umoyo wa antchito awo.

Alimi ayanike ufa ndi mphale kutali ndi msewu, ndipo amalonda atsuke ndi kuphimba zakudya. Amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri apite kuchipatala kukayezetsa makhololo, ndipo akafotokoze ntchito imene amagwira. Madandaulo a fumbi angaperekedwe ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya Chiradzulu, kapena ku bungwe la MEPA.