Kapezedwe ka Zolembedwa za Milandu ku Khoti

Akuluakulu amati mlandu suwola. Mawuwa ndi oona, koma mboni zimafa, ndipo otsalawo aliyense amakumbuka mbali imene imkomera. Chimene chimasunga chigamulo monga momwe chinatulukira pakamwa pa woweruza ndi pepala la ku khoti. Mphunzitsi wa kumudzi ayenera kudziwa kumene pepalalo limakhala, pakuti anthu osadziwa Chingerezi amafika kwa iye ndi masamani ndi makalata awo, ndipo akawasokeretsa iye, ena amataya chuma chawo.

Mwachitsanzo, mayi wina ukwati wake unathera pamaso pa majisitireti, ndipo khoti linagamula kuti nyumba yamalata ikhale yake ndi ana. Patapita zaka zisanu ndi zitatu mwamuna uja wamwalira, tsono abale ake afika kudzasasula malata, nanena kuti nyumbayo ndi ya malemu. Pepala limene mayiyo analandira linadyedwa ndi chiswe kalekale. Mawu ake okha sangathe kuwabweza anthu amenewa, koma chigamulo chokhala ndi chidindo cha khoti chingathe.

Chimene khoti limasunga

Milandu ili mitundu iwiri. Ina ndi ya upandu, monga kuba ndi kupha, imene boma limaimba munthu. Ina ndi ya pakati pa munthu ndi mnzake, monga ngongole, chipukutamisozi, kutha kwa ukwati ndi chuma chamasiye. Nkhani ino ikunena za mtundu wachiwiriwu.

Wodandaula akakasuma, kalaliki wa khoti amalemba mlanduwo m'buku la kaundula, naupatsa nambala ndi chaka. Nambalayi imaoneka pamwamba pa samani, yolembedwa m'Chingerezi motere: Civil Cause No. 45 of 2016. Chaka chilichonse kuwerenga kumayambanso, kotero nambala yopanda chaka sithandiza kwenikweni. Pambuyo pake amatsegula fayilo, ndipo m'menemo mumalowa samani, yankho la wosumiridwa, umboni monga anaulembera woweruza, malisiti, ndi chigamulo. Kaundula ali ngati mlozo wa msewu, pamene fayilo ndiyo nkhokwe yeniyeniyo.

Khoti lake ndi liti?

Fayilo imakhala pa khoti pamene mlandu unazengedwera. Milandu yambiri ya anthu akumudzi imathera kwa majisitireti, amene amapezeka m'maboma onse. Milandu ya ndalama zambiri imapita ku Khoti Lalikulu, limene lili ndi maofesi a kaundula ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Mikangano ya pakati pa wantchito ndi womulemba ntchito ili ndi khoti lakelake. Ngati wina anachita apilo, zolembedwazo zinatumizidwa ku khoti la pamwamba, ndipo chigamulo chogwira ntchito ndi chotsirizacho. Chifukwa chake mphunzitsi afunse poyamba kuti, "Kodi panalibe amene anakadandaula kutsogolo?"

Asiyanitsenso khoti ndi bwalo la mfumu. Nkhani imene inathera kwa anyakwawa kapena kwa agogo chalo siipezeka kwa majisitireti. Ngati inalembedwa, ili m'buku la mlembi wa mfumuyo.

Kafunsidwe kake

Asananyamuke, wofunayo alembe zinthu zinayi: dzina la khoti, mayina a anthu awiri otsutsanawo, chaka, ndi nambala ngati aidziwa. Mayina amasokoneza kwambiri, pakuti mayi angalembedwe ndi dzina la atate ake, la mwamuna wake, kapena mfunda wake, ndipo kalaliki angalembe "l" pamene mwini amalemba "r". Nkwabwino kutchula mayina onse. Chaka chikaiwalika, mphunzitsi athandize munthuyo kuchikumbuka ndi zochitika zodziwika, monga njala ya 2002, chisankho cha 2014, kapena chaka chimene mwana wake anayamba sukulu. Kalaliki akadziwa chaka amatsegula kaundula wa chakacho nayang'ana mayina tsamba ndi tsamba.

Kupempha kukhale kolemba: kalata yaifupi yonena kuti wopemphayo ndani, mlanduwo ukumkhudza bwanji, ndiponso afuna pepala liti. Mwini mlandu apite yekha ndi chiphaso chake cha unzika, pakuti iye ndiye amamveka msanga. Munthu wapadera ayenera kufotokoza chifukwa chake, ndipo khoti lingathe kumkaniza, makamaka pa milandu yokhudza ana, imene lamulo la 2010 losamalira ana limaiteteza. Fayilo situluka m'khoti. Chimene munthu amatenga ndi kope, ndipo kopelo likhale ndi chidindo ndi siginecha yotsimikiza kuti likufanana ndi lenileni, pakuti lopanda chidindo anthu angalikane. Pamakhala ndalama yolipira, ndipo iperekedwe kwa wolandira ndalama wa khoti amene amapereka lisiti la boma. Ndalama yoperekera kuseri kwa nyumba ndi chiphuphu.

Kawirikawiri fayilo sipezeka tsiku lomwelo, popeza zambiri nzolembedwa pamanja ndipo zimasungidwa m'mitolo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu alembe tsiku limene anapita ndi tsiku limene wauzidwa kubweranso, ndipo zikakanika akadandaule mwaulemu kwa majisitireti woyang'anira khotilo. Wosauka angathenso kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Koma wofuna kuchita apilo asazengereze, pakuti masiku ochitira apilo ndi owerengeka. Zigamulo zambiri za Khoti Lalikulu ndi za Khoti la Suprimu zimawerengedwa kwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, koma za makhoti aang'ono a kumidzi munthu amayendera ndithu ndi mapazi.

Milandu yakale

Wofuna mlandu wa makolo ake ayenera kudziwa kuti makhoti akhala akusintha mayina. Khoti Lalikulu linakhazikitsidwa mu 1902. Mu 1933 boma la atsamunda linavomereza makhoti a mafumu, amene mabuku awo ankaonedwa ndi a DC. Mu 1962 kunabwera makhoti otchedwa Local Courts, amene mu 1969 anasanduka Traditional Courts. Amenewa anatha pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994, ndipo ntchito yawo inapita kwa amajisitireti. Kotero buku la khoti limene kulibenso lifunsidwe poyamba kwa majisitireti wa boma lomwelo. Likasowa kumeneko, malo ena ndi nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko, National Archives, imene inatsegulidwa ku Zomba mu 1947. Kumeneko munthu amapempha chilolezo, nawerengera momwemo. Komabe si zonse zinapulumuka: chiswe, mvula ndi moto zinawononga zambiri, monga moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919.

Kwa wophunzira chinenero, mabuku akale amenewa ndi chuma. M'menemo mumaoneka m'mene anthu ankakambira za chikamwini, chitengwa, malowolo ndi unkhoswe pamene zinthu zavuta, osati monga amazifotokozera mlendo. Martin Chanock anagwiritsa ntchito zolembedwa za makhoti polemba buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo ya ku Malawi ndi Zambia. Pali chinanso choyenera kusamala. M'makhoti a majisitireti mboni imalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, womasulira natembenuza, ndipo woweruza amalemba m'Chingerezi. Mphunzitsi powerengera mwini mlandu chigamulo amabwezera mawuwo m'chinenero chawo choyamba, ndipo apa asawonjeze kapena kuchotsa kanthu pofuna kumkondweretsa.

Mphunzitsi si loya, ndipo asalonjeze kuti wakutiwakuti apambana. Ntchito yake ndi kuthandiza kulemba kalata, kuwerenga mokhulupirika, ndi kusunga chinsinsi cha zimene waona. Kope likapezeka, alangize mwini wake kulijambulitsa kawiri, limodzi nkulisungitsa kwa mbale wodalirika, ndi kulemba nambala ya mlandu m'kati mwa chikuto cha buku limene silitayika m'nyumbamo.