Ogwirira makampani akunja ali m'dziko muno: Kodi msonkho amakhoma kuti, nanga lamulo limawateteza?

Chiyambire mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020, makampani ambiri a ku Ulaya, America ndi South Africa anazolowera kulemba anthu ntchito popanda kuwaitanitsa ku ofesi. Ena mwa anthuwa ndi Amalawi amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, kumasulira zilankhulo kapena kuwerengera ndalama ali m'nyumba zawo ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kufika kwa intaneti ya Starlink m'dziko muno m'chaka cha 2023 kunapeputsa ntchito yotere, ndipo kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho kunachititsa kuti malipiro a madola ndi mapaundi akhale osiririka kwambiri.

Komatu ambiri mwa iwo amalandira ndalamazo osadziwa kuti msonkho wake uyenera kupita ku boma liti.

Maganizo amene afala ndi akuti popeza kampani ili ku London ndipo ndalama zikuchokera kumeneko, dziko la Malawi nkhaniyo siilikhudza. Maganizowa ndi olakwika. Lamulo la misonkho la dziko lino, Taxation Act, limayang'ana gwero la ndalama, ndipo pa nkhani ya ntchito gwerolo ndi malo amene munthu anali pomwe amagwira ntchitoyo. Ngati thukuta lidagwera ku Zomba, ndalamazo zimawerengedwa kuti zapezeka m'Malawi, ngakhale wolipira akhale kunja, ngakhalenso malipirowo atsakamire ku banki yakunja osalowa m'dziko muno.

Maiko amene makampaniwo amachokera nawo amatsata mfundo yofananako. Munthu amene si nzika ya America, sakhala m'dzikolo, ndipo ntchito yake yonse amaigwirira kunja, kawirikawiri sadulidwa msonkho wa kumeneko. N'chifukwa chake makampani a ku America amatumiza fomu yotchedwa W-8BEN kuti munthuyo atsimikize kuti ndi wakunja. Ku Britain nakonso, amene sakhala m'dzikolo ndipo sagwirirako ntchito olo tsiku limodzi kawirikawiri sakhomako msonkho wa pamalipiro. Choncho kulandira malipiro athunthu osadulidwa sikutanthauza kuti munthu wakhululukidwa msonkho. Kukutanthauza kuti sunaperekedwe kulikonse.

Wogwira ntchito pa kampani ya m'dziko muno sada nkhawa ndi zimenezi chifukwa bwana wake amadula msonkho wa PAYE mwezi ndi mwezi n'kukapereka ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lomwe lidayamba ntchito zake m'chaka cha 2000. Kampani yakunja imene ilibe nthambi kuno sichita zimenezo. Udindo wonse umagwera mwini wake: kulembetsa ku MRA ndi kutenga nambala ya TPIN, kusunga zikalata za ndalama zonse zimene walandira, kuzisintha kukhala makwacha powerengera, ndi kupereka lipoti la zimene wapeza pa chaka. Amene akugwira ntchito ngati wodziimira payekha amayembekezekanso kupereka gawo la msonkho miyezi itatu iliyonse, osadikira kutha kwa chaka. Wochedwa amalipira chindapusa ndi chiwongoladzanja pamwamba pa ngongoleyo, ndipo ngongole ya zaka zingapo ikaunjikana imatha kumeza zonse zimene munthu adasunga.

Ena amadalira zimene adamva zokhudza masiku 183. Mfundoyi imapezeka m'mapangano a misonkho a pakati pa maiko, ndipo imathandiza munthu amene watumizidwa ndi bwana wake kukagwira ntchito m'dziko lina kwa kanthawi kochepa. Siikhudza Mmalawi amene akukhala kwawo chaka chonse.

Mapanganowa cholinga chake ndi kuteteza munthu kuti asakhome msonkho kawiri pa ndalama zomwezo. Dziko la Malawi lili nawo owerengeka chabe, ndipo ena ndi akalekale. La pakati pa dziko lino ndi Britain lidasainidwa m'chaka cha 1955, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kusanabwere n'komwe ufulu wodzilamulira. M'chaka cha 2016 bungwe la ActionAid lidachita kampeni yoti panganoli lilembedwenso ponena kuti limakondera makampani a ku Britain. Amene adalilemba sakadaganizira za munthu wotumiza ntchito yake pa intaneti.

Nkhani yovuta kuposa ya msonkho ndi yoti kodi munthuyu ndi wolembedwa ntchito kapena ndi kontrakitala wodziimira payekha. Makampani ambiri akunja amakonda dzina lachiwirili, ndipo zifukwa zake n'zosabisika. Wolembedwa ntchito m'dziko muno amatetezedwa ndi lamulo la Employment Act la m'chaka cha 2000, lomwe limamupatsa tchuthi cha pachaka cha masiku 15 kapena 18 molingana ndi masiku amene amagwira pa sabata, tchuthi cha matenda, masabata 8 a tchuthi cha uchembere kwa amayi, komanso chitetezo pa kuchotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka. Lamulo la penshoni, lomwe lidayamba m'chaka cha 2011, lidalamula bwana kusonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Kontrakitala alibe chilichonse mwa izi. Akadwala mwezi wathunthu salandira kanthu, ndipo kalata imodzi ya pa intaneti ndi yokwanira kuthetsa ntchito yake.

Chifukwa china n'chakuti kampani imaopa kuonedwa ngati yakhazikika m'dziko muno. Ngati munthu wake ali kuno ndipo amasainira mapangano a malonda m'dzina la kampaniyo, boma likhoza kunena kuti kampaniyo ikuchita bizinesi m'Malawi, motero nayonso ikhome msonkho pa phindu lake.

Ngakhale zili choncho, dzina lolembedwa papepala silimanga manja a bwalo lamilandu. Lamulo la Employment Act limawerenga ngati wantchito munthu amene amadalira wina pa chuma ndipo amamugwirira ntchito m'njira yofanana kwambiri ndi ya wolembedwa ntchito. Oweruza amafunsa kuti ndani amaika maola, ndani amapereka zipangizo, kodi munthuyo angatume wina m'malo mwake, nanga amaloledwa kugwirira ena. Ku Britain, bwalo lalikulu kwambiri lidagamula mu February 2021 kuti madalaivala a kampani ya Uber si odziimira paokha monga imanenera kampaniyo, chifukwa ndiyo inkaika mitengo ndi kulamula kagwiridwe kawo ka ntchito. Mmalawi amene amayamba ntchito pa ola loikidwa ndi bwana wa ku London, amapempha chilolezo asanapume, ndipo alibe kasitomala wina, ali ndi mfundo zofanana ndi zimenezi.

Vuto lili pa kukwaniritsa chigamulo. Bwalo loweruza milandu ya pantchito la Industrial Relations Court likhoza kumva dandaulo, koma kampani imene ilibe ofesi, galimoto ngakhale akaunti ya banki m'dziko muno palibe choilanda. Kuonjezera apo, mapangano ambiri amalembedwa kuti mkangano ukabuka udzaweruzidwe ndi malamulo a dziko la kampaniyo, kumene wodandaula sangakwanitse kulipira loya.

Pofuna kuthana ndi mpungwepungwewu, padabwera makampani amkhalapakati monga Deel ndi Remote, amene amalemba munthu ntchito mwalamulo m'dziko limene akukhala m'malo mwa kampani yakunjayo, n'kumadula msonkho ndi kusonkha penshoni. Njirayi imakwera mtengo kwa bwana, ndipo si bwana aliyense amavomera. Kumene yakanika, wogwira ntchito amatsala ndi mphamvu imodzi yokha, ya pokambirana malipiro asanasaine: ndalama zimene akupempha zikwanire msonkho wa MRA, penshoni yodzisungira yekha, chithandizo cha kuchipatala, magetsi ndi intaneti, komanso masabata amene sadzagwira ntchito chifukwa cha matenda kapena maliro.